Mpunga wa Khirisimasi usadye nsima ya Febuluwale

Mafunso ndi mayankho pa kayendetsedwe ka ndalama za pakhomo ku Mitundu ndi ku Nathenje

Fikani pa Mitundu tsiku la msika m'mwezi wa Juni. Ngolo zandondozana, masikelo apachikidwa pa mitengo ndi m'makhonde, matumba a soya ndi mtedza akutsitsidwa, wootcha kanyenya alibe mpata wopukuta thukuta. Pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Dedza, nkhani ndi yomweyo. Mudzabwerenso m'Febuluwale. Ambiri mwa anthu aja mudzawapeza ku chigayo atanyamula kachigoba kamodzi ka chimanga chogula, mwina chomwe anagulitsa okha pa mtengo wolira miyezi isanu ndi itatu yapitayo.

Ena amaloza chala Khirisimasi. Mlandu ili nawo ndithu, koma imangokankha khoma lomwe linang'aluka kale. Kuno kwathu ndalama imalowa kamodzi pa chaka, pomwe zoilanda zimabwera mondondozana mpaka Malichi. Mafunso otsatirawa ndi omwe amamveka pa mjigo, pa bawo ndi pa mkeka wa banki mkhonde chilimwe chikafika.

Bajeti si ya anthu olandira pa mwezi kodi? Mlimi wa kwa Chiseka kapena kwa Chadza ali nayo chiyani?

Mphunzitsi, namwino wa pa chipatala cha Mitundu kapena wogwira ntchito ku Bunda, pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, akaphonya masamu mwezi uno amavutika masabata awiri, mwezi ukatha n'kupumanso. Mlimi akaphonya m'Julayi chilango chake ndi cha chaka chathunthu. Wofunika bajeti kwambiri ndi iyeyo.

Taonani mzere wa zofuna ndalama. Soya, mtedza ndi chimanga zimagulitsidwa kwambiri kuyambira Epulo mpaka Julayi, ndipo mabelo a fodya amalowa ku okushoni ya ku Kanengo kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti. Ndalama isanatenthe m'thumba, nazale ya fodya wa chaka chamawa yayamba kale kuitana. Seputembala, sukulu zatsegulira chaka chatsopano. Okutobala, maukwati afika pachimake, pa 15 pali Tsiku la Anakubala, minda ikudikira kugalauza. Novembala, mbewu ndi feteleza wokulitsa. Disembala, Khirisimasi ndi Nyuwere. Januwale, teremu yachiwiri, feteleza wobereketsa, kupalira ndi kubandira. Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zaphwa, udzudzu wachuluka, malungo sakusiya khomo.

Bajeti ya mlimi ndi kuudziwa mzere umenewu ndi kuulondera, kuti oima kutsogolo asadye gawo la oima kumbuyo. Tsoka lake n'lakuti oima kutsogolo ndi osangalatsa, oima kumbuyo ndi osakhululuka.

Ndiyambire pati? Ine masamu a m'kope sindiwatha.

Siyani kope, yambirani pa matumba. Kwacha imasintha nkhope mwezi ndi mwezi, koma thumba la makilogalamu 50 limakhutitsa anthu omwewo chaka chino ndi chaka chamawa.

Boma likamagawa chimanga nthawi ya njala, muyeso wake umakhala thumba limodzi pa banja pa mwezi. Umenewo ndi wongogwiriziza moyo. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lodya phala m'mawa, nsima masana ndi madzulo limapitirira pamenepo, makamaka likamakonola, popeza gawo lina limapita ku gaga. Wodziwa muyeso weniweni wa pakhomo panu ndi amene amasenza chimanga kupita ku chigayo. Afunseni kuti thumba limatha masiku angati.

Tiyerekeze kuti banja lakolola matumba 30 ndipo limadya thumba ndi theka pa mwezi. Kuchokera Meyi mpaka Epulo ndi matumba 18. Awiri ndi a maliro, masika a ku tchalitchi ndi abale ogwa m'mavuto, pakuti zimenezi sizilephera kubwera ngakhale sizinena tsiku. Awiri ena ndi a aganyu nthawi yopalira, pamene munthu amakonda kulandira chimanga kuposa ndalama. Otsala ndi 8. Chuma chogulitsa cha banja limeneli ndi matumba 8 basi. Likamayang'ana mulu wonse n'kumadziona ngati mwini matumba 30, layamba kale kutapa nsima ya Febuluwale.

Matumba 22 aja aikeni paokha. Tengani khala, lembani pa thumba lililonse dzina la mwezi wake. Zimaoneka ngati masewera a ana, koma n'kovuta kukweza pa njinga thumba lolembedwa "Febuluwale" mkazi ndi ana akuona.

Ndiye kuti kugulitsa chimanga nthawi yokolola n'kulakwa?

Mchere, sopo ndi ngongole sizidikira, choncho kugulitsako sikungalekeke. Chofunika n'kudziwa mmene msika umayendera. Mtengo wa chimanga umagwa pakati pa Epulo ndi Juni pamene aliyense akugulitsa, ndipo zaka zambiri umakwera kufikira pachimake pakati pa Januwale ndi Malichi. Unduna wa za malimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma misika ya ADMARC, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, ikachedwa kutsegulidwa, wolamula mtengo pa mudzi amakhala venda wa sikelo.

Yambani ndi zimene simudalira pa mphika: fodya ndi soya. Mtedza utsatire, mutapatulako wa mbewu ndi wa nsinjiro. Chimanga chikhale chomaliza, chizituluka thumba limodzilimodzi pa chifukwa chodziwika. Amene ali m'makalabu ndi m'makopaletivi amagulitsa pamodzi ndipo amakhala ndi pakamwa pokambira mtengo. Wobwera yekha ndi ndowa pamutu amangolandira zomwe wauzidwa. Musanapite ku msika yezani katundu wanu pa sikelo ina, ndipo funsani ngati ya wogulayo inayesedwa ndi a bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Kusunga nako kuli ndi mtengo wake. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, chosathira mankhwala chimakhala phwando la anankafumbwe. Matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, amapha tizilombo potisowetsa mpweya popanda mankhwala, ndipo akapanda kubooka amagwira ntchito zaka zingapo. Ndalama yogulira zotetezera zokolola ituluke pa thumba loyamba kugulitsidwa. Mukaiona ngati yotaya, mudzatsegula saka m'Januwale n'kupezamo fumbi.

Ndalama ikakhala m'nyumba imasungunuka. Ndiisunge bwanji mpaka Novembala?

Imasungunuka pawiri: ndi zala za eni nyumba komanso ndi kukwera kwa mitengo. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Pa 9 Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Taliyang'anani tsikulo: Novembala, alimi ali pakhomo pa masitolo a feteleza. Amene anafunyata ndalama ya m'Julayi pansi pa mphasa anapeza kuti mtolo ndi womwewo koma matumba omwe ungagule achepa.

Phunziro lake n'lakuti ndalama isanduke msanga chinthu chomwe mwaisungira. Ya feteleza igule feteleza m'Julayi kapena m'Ogasiti, mumuike pa matabwa, kutali ndi khoma ndi chinyezi. Ya sukulu igule makope, nsalu ya yunifolomu ndi nsapato masitolo asanadziwe kuti makolo afika pothina. Ya mavuto ogwa mwadzidzidzi igule mbuzi yaikazi, banki yoyenda ndi miyendo inayi yomwe chiwongoladzanja chake chimalira m'khola.

Nkhuku nazo ndi chuma, koma chitopa chimakonda miyezi yotentha yomweyi, ndipo chikalowa m'mudzi chimasesa khola m'masiku ochepa. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amaperekedwa katatu pa chaka ndipo mtengo wake sufika pa wa nkhuku imodzi. Nkhumba zimabweretsa ndalama yochuluka, koma chigodola chilibe mankhwala, choncho musaike chuma chonse m'khola limodzi.

Ndalama yotsala isungidwe pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku SACCO, komwe moto ndi chiswe sizifika. Dziwani kokha kuti foni ndi nkhokwe yokhala ndi khomo lofewa: ejenti ali pa ngodya iliyonse, ndipo kutapa kulikonse kuli ndi kamtengo kake. Nyengo ya zikondwerero ndi yomwenso mauthenga a akathyali amachuluka, aja akuti mwawina mphoto kapena "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wodzitcha wa ku kampani.

Bwanji ndingodikira feteleza wotsika mtengo wa boma?

Mudikireni, koma musamuwerengere. Pulogalamu ya makuponi inayamba mu 2005 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Mu 2020 inalowedwa m'malo ndi pulogalamu ina ya AIP, mlimi akupereka K4,495 pa thumba. Chaka chotsatira mtengo unafika pa K7,500, ndipo mu 2022 pa K15,000. Opindula anatsika kuchoka pa oposa 3 miliyoni mu 2020 kufika pa 1.5 miliyoni mu 2023. Mayina a mapulogalamu ndi mitengo zimasintha ndi maboma, ndipo dzina lomwe linatuluka chaka chatha likhoza kusowa chaka chino. Ngakhale litatuluka, matumba ndi awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, okwanira pafupifupi ekala imodzi.

Konzani bajeti ngati kuti dzina lanu mulibe. Likapezeka, ndalama yowombolera ikhale ili kale pambali pamodzi ndi chiphaso cha unzika. Ambiri amene amagulitsa mwayi wawo kwa mavenda sachita dala: tsiku logula limawapeza m'manja muli mbee.

Munda wonse sufunika kudalira sitolo. Manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza wochepa ndi madeya, phulusa, ndowe za ziweto ndi madzi pang'ono n'kumangidwa m'thumba masiku 21, amatambasula thumba limodzi kuti lifike patali. Muyeso wake akuuzani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Koma masiku 21 amenewo akutanthauza kuti ntchitoyi ndi ya Okutobala, osati mvula itagwa. Gawo lina la munda lipite ku soya ndi mtedza, zomwe sizilira yuleya ndipo zimasiyira chimanga cha chaka chamawa nthaka yabwino.

Mbewu gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, paketi yake yosatsegula. Chimanga chopaka utoto chimadzaza misika mvula ikayandikira, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musathamangirenso kubzala ndi chizimalupsa. Kubzala kawiri ndi kugula mbewu kawiri.

Nanga maukwati, zinkhoswe ndi ziliza? Munthu angakane bwanji abale?

Sangakane, ndipo sayenera kutero. Amene mwamuvinira pa perekaniperekani lero ndi yemwe adzasenze nkhuni pa maliro a kwanu mawa. Kupatsa n'kuika. Vuto limabwera pamene kupatsako kwasanduka mpikisano, woulutsa mawu akuitana "akuchimuna onse", nyimbo yakoma, munthu n'kuponya m'lichero ndalama ya thumba la yuleya kuti apongozi amuone.

Miyambo ya chilimwe ili ndi ubwino umodzi: imadziwika nthawi ikadalipo. Ukwati wa Okutobala umamveka m'Julayi. Chiliza ndi chinamwali sizichitika modzidzimutsa. Khalani pansi m'Ogasiti, tchulani miyambo yonse yomwe ikubwera, ndipo uliwonse muupatse mlingo wake. Tsiku la mwambo sinthitsani ndalamayo kukhala ing'onoing'ono, nyamulani yokhayo, yotsala isiyeni kunyumba. Mudzavina kasanu ndi ndalama yomwe mnzanu waponya kamodzi.

Thandizo silikhala la ndalama lokha. Ndowa ya ufa, nkhuku, mtolo wa nkhuni, chimera cha thobwa kapena masiku awiri omanga chisakasa, zonsezi mwini mwambo amazikumbukira. Pa Tsiku la Anakubala, chitenje chimodzi chogulidwa mosonkherana ndi abale anu chimakondweretsa amayi kuposa ngongole yomwe adzamve kuti mwana wawo akuthawa nayo m'mudzi.

Gulu lathu la banki mkhonde limagawana m'Disembala. Si mwayi umenewo?

Ndi mwayi wobwera pa tsiku loopsa. Njira yosunga ndi kubwereketsana m'magulu imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo kuno yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Kwa amayi ambiri, tsiku logawana ndi lokhalo pa chaka lomwe amagwira ndalama yochuluka yawoyawo. Koma likagwa sabata imodzi Khirisimasi isanafike, ndalama ya miyezi khumi ndi iwiri imakumana ndi kaunjika watsopano, mapoto onyezimira ndi ana okoka chitenje.

Tsiku logawana silinalembedwe pa mwala. Amasankha ndi mamembala. Gulu likhoza kugwirizana kugawana mu Okutobala kuti ndalama ipite ku mbewu ndi feteleza, kapena sabata yoyamba ya Januwale kuti ikumane ndi sukulu. Ngati lanu lakakamira Disembala, gawani ndalamayo musanadzuke pa mkeka: ya Januwale, ya mpamba wa geni, ya masheya oyambira chaka chatsopano, ndipo yomalizira ndiyo ya chikondwerero. Ya Januwale isagone m'nyumba.

Chenjerani ndi ngongole za m'gulu miyezi yomalizayi. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pa mwezi. Ngongole yotere imabwezeka ikalowa mu geni ya tomato, mandasi kapena usipa, yomwe imatembenuka msanga. Ikalowa mu diresi la ukwati, imabwezedwa ndi mbuzi kapena malata. Ndipo amene walowa magulu atatu, n'kumatenga uku kukatseka uko, tsiku logawana amabwerera kunyumba ndi kope lokha.

Mukutanthauza kuti Khirisimasi tisadye?

Idyani, ndipo idyani bwino. Mwana amene wadya nsima ya nkhwani chaka chonse ali ndi ufulu womva fungo la mpunga ndi nkhuku pa 25 Disembala. Nkhani ili pa nthawi yolipirira phwandolo. Khirisimasi yotsika mtengo imagulidwa m'Ogasiti. Yodula imagulidwa pa 24.

Tambala wa pa tsikulo asankhidwe ali mwanapiye m'Julayi, alandire katemera, akule ndi gaga wa pakhomo. Mpunga umakololedwa cha mu Meyi ndi Juni, ndipo miyezi yotsatira Kilombero amakhala wotsikirapo kuposa sabata ya chikondwerero. Makilogalamu ochepa osungidwa m'chigubu chotseka bwino amafika Disembala. Mafuta ophikira, shuga ndi mchere muzigula chimodzichimodzi pa masiku a msika a Seputembala ndi Okutobala. Zovala za ana zisankhidwe pa kaunjika anthu asanayambe kulimbirana, ndipo ngati n'kotheka nsapato ya Khirisimasi ikhale yomwe idzapite ku sukulu m'Januwale. Mabanja anayi kapena asanu akhoza kusonkherana mbuzi imodzi n'kugawana, m'malo moti aliyense akagule nyama ya pa sikelo tsiku lomwe mtengo wapenga. Thobwa la chimera cha pakhomo limakwanira mudzi, pomwe kireti ya zakumwa imatha alendo asanakhale pansi. Mango ali mbwee m'mitengo nyengo imeneyi, ndipo salipiritsa.

Chimene chimaboola thumba kawirikawiri si chakudya cha ana. Ndi masiku asanu ndi awiri a pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere, pamene bambo amachoka m'mawa kunka pa tauni "kukaona anzawo", n'kumagulira tebulo lonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama ya chisangalalo cha akuluakulu nayo ikhale ndi mlingo wodziwika kwa onse awiri, ndipo ikatha yatha. Kumbukiraninso kuti sabata imeneyi udzu m'munda suli pa tchuthi.

Abale a m'tauni ndi a ku Joni akubwera. Ena atumiza ndalama. Tichite nazo bwanji?

Mitundu ndi Nathenje zili pafupi ndi mzinda, choncho minibasi imatsitsa alendo mosavuta. Mlendo ndi mame, koma mame a anthu asanu ndi mmodzi kwa sabata ziwiri amatsitsa thumba. Palibe chamanyazi kuuza achimwene pa foni kuti, "Mukamabwera mutengeko mafuta ndi shuga, ufa ndi nkhuku muzipeza." Pobwerera, thumba lomwe mukuwapatsa lichoke pa matumba awiri a abale aja, osati pa la Febuluwale.

Ndalama yochokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town kudzera pa Mukuru imafika ndi dzina loti "ya Khirisimasi", koma wotumizayo anaipeza movutikira, mwina akugona anthu anayi m'kachipinda kamodzi. Kambiranani naye msanga. Ambiri angakondwe kumva kuti theka lagula feteleza wobereketsa, chifukwa akudziwa kuti munda ukakanika foni ya m'Febuluwale idzalira kwa iwo omwe. Ngati angathe, atumize mu Okutobala. Ndalama yomweyo imagwira ntchito yaikulu mvula isanagwe kuposa itagwa.

Januwale akafika ndilibe kanthu, katapila ndiye amandiwombola. Pali njira ina?

Katapila amawombola ngati mmene ng'ona imawolotsera munthu. Mwatenga K20,000, mwezi ukatha akufuna K30,000, mukalephera chiwongoladzanja chimaberekanso china, ndipo chikole ndi njinga, foni kapena munda. Mtundu wina wa katapila ndi kugulitsa mbewu ikadali m'munda: venda akupatsani ndalama yochepa m'Januwale, m'Meyi adzatenge matumba. Mwakolola, koma mwakololera wina.

Msampha wachiwiri ndi ganyu. Ufa ukatha, bambo ndi mayi amapita kukapalira minda ya ena kuti apeze chakudya cha lero, wawo munda uli m'tchire. Chimanga chopaliridwa mochedwa ndi kuthiridwa feteleza mochedwa chimabereka pang'ono, ndipo njala ya chaka chamawa imabzalidwa pomwepo. Ngati ganyu sangapeweke, gawanani: m'mawa munda wanu, masana wa eni, kapena mmodzi ku ganyu wina kwanu.

Mankhwala enieni a mwezi wa gwang'wang'wa amamwedwa Disembala asanafike. Lembani zofuna za Januwale: yuleya, makope, fizi ya amene ali ku sukulu zogonera komweko kapena zoima pazokha, ya kabaza wopita ku chipatala usiku mwana akatentha thupi. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma kope ndi yunifolomu sizinakhalepo zaulere. Zikakwanira zimenezi, chotsala ndicho cha Khirisimasi. Zikavuta ndithu, kugulitsa mbuzi kapena kubwereka ku thumba la zadzidzidzi la gulu lanu kuli bwino kuposa kugogoda kwa wakatapila.

Ndalama azisunga ndani, bambo kapena mayi?

Funso labwino ndi lakuti: ndani akudziwa kuti zilipo zingati? M'makomo ambiri fodya ndi soya ndi "za abambo", pomwe mphika ndi wa amayi. Bambo amadziwa zomwe zalowa, mayi amadziwa zomwe zikutuluka, ndipo awiriwa sanaikepo manambala awo pamodzi. Nkhani za abambo osowa pakhomo mabelo akagulidwa, n'kubwera patatha sabata ndi buledi mmodzi, sizichokera kumwamba.

Kuno kwa Achewa palinso china. Bambo wa pa chikamwini ndi mkamwini kuno, koma kwawo ndi atsibweni, mwini mbumba, ndipo ana a alongo ake akadwala kapena akasowa fizi amayang'ana kwa iye. Udindo umenewu ndi weniweni. Ukabisidwa umaoneka ngati kuba. Ukaikidwa poyera umapeza malo ake mu bajeti, monganso thandizo lopita kwa makolo a mayi.

Pepala la ku okushoni kapena la kwa wogula soya lifike pa mphasa. "Anabanda, tabwerani tiwerengere limodzi" ndi mawu ochepa omwe apulumutsa mabanja ambiri kwa ankhoswe. Mutu umodzi susenza denga. Ana okulirapo akhalepo, amve chifukwa chomwe nsapato ikudikira.

Zonsezi ndi za amene wakolola. Nanga chaka chomwe munda wakana?

Zaka zotere tazionapo posachedwa. Pa 23 Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza mbewu, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo kafukufuku wa komiti younika za njala ya MVAC anapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya pakati pa Okutobala 2024 ndi Malichi 2025.

Chaka chotere masamu a matumba aja ndi omwe amakuuzani msanga mwezi womwe ufa udzathere. Mukadziwa m'Juni kuti chakudya chidzafika Novembala basi, gulani chopereweracho nthawi yomweyo ndi ndalama ya soya kapena ya mbuzi, mtengo usanakwere. Gayitsani mgaiwa m'malo mwa woyera kuti thumba litalike. Mfutso wa m'chikwatu, mbatata ndi chinangwa zipumitse nkhokwe. Amene ali ndi dimba m'dambo, chilimwe ndi nthawi yake: tomato, anyezi, mpiru ndi chimanga chachiwisi zimabweretsa ndalama ya sabata ndi sabata, ndipo mzinda wa Lilongwe sukhuta ndiwo. Makala a m'nkhalango ya Dzalanyama amaoneka ngati njira yachidule, koma ndi mlandu, ndipo wogwidwa amataya katundu ndi njinga yomwe.

Khirisimasi ya chaka chotere ichepe popanda manyazi. Nkhuku imodzi, thobwa ndi kupita ku tchalitchi ndi banja lonse zakwana.

Ndamva, koma chaka chino ndachedwa kale. Ndingachitenji lero?

Lowani m'nyumba muwerenge matumba omwe atsala, muwagawe ndi miyezi yomwe yatsala kuti mudzalawe dowe ndi maungu. Itanani mnzanu wa pabanja, mutchule mokweza zofuna za Januwale ndi mtengo wake. Kenako sankhani chinthu chimodzi cha pa chikondwerero chomwe chingachoke popanda mwana kulira, ndipo ndalama yake ipite ku yuleya mawa lomwe, isanapeze ntchito ina.

Pa 26 Disembala m'mawa, mbale zitatsukidwa, alendo akumanga zikwama, kasuzumireni kuchipinda kosungira chimanga. Mukapeza thumba lolembedwa "Febuluwale" lili chimangire, Khirisimasi mwaidya bwino. Tengani khasu, udzu wakula.